Chifuwa cha Malemu Thombozi

Panangokhala, kuphiri kuja kumene nkhungu imagona pansi mpaka dzuwa kufika pamutu, Gologolo anali ndi njala. Sinali njala ya munthu amene wangodumphitsa kadzutsa ayi. Inali njala ya pakati pa dzinja, chimanga chikumasula kumene, mtedza usanakhwime, zonse zimene anakwirira chilimwe zitaola ndi mvula. Chomupweteka kwambiri chinali chakuti chakudya ankachiona ndi maso tsiku ndi tsiku. Pabwinja la a Thombozi panali mtengo wa mapeyala, ndipo chaka chimenecho unabereka mpaka nthambi kuwerama.

A Thombozi anali nkhalamba yokhala yokha ndi galu wawo, dzina lake Zalimba. Gologolo ankawadziwa bwino akuluwa, poti anawabera zaka zambiri, iwo n'kumamugenda ndi zibuma zosalunjika. M'mawa uliwonse ankatuluka akutsokomola chifuwa chawo chakale cha fodya, kho! kho! khooo! Akafika pamtengo ankagogoda thunthu ndi nsungwi yawo yothyolera, ngati munthu woodira pakhomo pa mnzake. Peyala lililonse limene athyola ankaligwedeza pakhutu. Njere ikamveka khochokhocho m'katimo, ndiye kuti lakhwima, ndipo ankakalikwirira m'madeya mumtsuko wa kukhitchini, pakuti peyala silipsera mumtengo. Likafewa ankalidula pakati ndi mpeni, n'kuika pansi mbali yopanda njere, n'kuimba mluzu. Zalimba ankabwera mchira ukumenya zitseko. Iwo sankalawa galu asanadye, ndipo njere ankaikwirira m'mbali mwa munda.

A Thombozi anamwalira mvula isanayambe. Adzukulu awo awiri, Esinala ndi mlongo wake Fulaye, anabwera kudzasasula malata, kuzula chitseko ndi kutenga mbuzi.

"Nanga galuyu, achimwene?" anafunsa Esinala.

"Galu wokalamba chonchi, maso ang'ala, akalondera chiyani? Msiye."

"Chabwino. Koma mapeyalawa akakhwima tidzabwere ndi matumba."

"Iwe, usayerekeze! Za womwalira sitidya tisanamufululire mowa wake. Ukufuna azikutsata m'mbuyo?"

Mowawo sanafulule, mwina anaiwala, mwina chimera chinasowa. Njira yopita pabwinjapo inamera udzu, ndipo anthu akamadutsa ankayang'ana kumbali. Panangotsala makoma opanda denga, kakhitchini ka udzu, ndi Zalimba atagona pakhonde, akukhalira ziwala ndi madzi a mvula. Mapeyala akugwa sankawakhudza, chifukwa panalibe womupatsa.

Nyama zam'tchire sizidikira mowa. Nyani ndi akazi ake analanda kumwamba, Nguluwe analanda pansi. Gologolo akakwera, Nyani ankamumenya khofi. Akatsika, Nguluwe ankamuonetsa mano. Iye ankangotsala pakati, akumeza malovu.

Tsiku lina nkhungu itatseka, Gologolo anakakhala pachitsa pafupi ndi pamene Nguluwe ankadyera, nkhope ili khuma ngati wobwera kudzapepesa maliro.

"Mwadzuka bwanji, a Nguluwe? Pepanitu."

"Pepani wa chiyani?" anatero Nguluwe, kukamwa kuli tho.

"Ayi, palibe. Idyani. Ine ndimangosirira kulimba mtima kwanuku. Anthu eni ake akuopa kuponda pano, inu mukudya mpaka makoko."

"Mwini wake anafa."

"Anafadi, maliro ndinaonerera ndili mumtengo. Kungoti kutsokomola sanasiye."

Nguluwe anasiya kutafuna. "Ukunama iwe."

"Mwina ndi makutu angawa, ndi aang'ono. Tsalani bwino, akulu. Nkhungu yotereyi ine sindikhalitsa pano, ndi imene amayendamo."

Anazembera muudzu, n'kulowa m'khitchini. Mtsuko uja unali utagona chammbali, madeya akadalimo. Gologolo analowa mpaka kumapeto, anakoka mpweya, n'kutsokomola. Kakhosi kake kanali kang'ono, koma mtsuko unakuza mawuwo, ndipo anatuluka m'nkhungumo ali okhuthala, achikulire: kho! kho! khooo!

Nguluwe sanafunse njira. Anaboola mpanda wakale n'kusiyapo ubweya, ndipo mgugu wake unamveka mpaka kudambo. Gologolo anaseka mpaka kutsamwa ndi madeya. Potuluka anaona kuti Zalimba wadzutsa mutu pakhonde paja, mphuno italoza kukhitchini. Galuyo anakhala choncho nthawi yaitali, kenako anagonekanso mutu pamiyendo yake.

Pansi panali pa Gologolo tsopano, koma mapeyala akugwa okha anali ochepa, ambiri ophwanyika ndi olowa nyerere. Abwino anali kumwamba, ndipo kumwambako kunali Nyani, amene sanali wamantha ngati Nguluwe.

"Ndamva kuti mukuopsezana ndi chifuwa pansipo," anatero Nyani, Gologolo atakwera panthambi yotalikira dzanja lake. "Akufa alibe mapapo, iwe. Ndipo nkhalamba ija ngakhale ili moyo sinkakwera mtengo."

"Zoona, amalume, sankakwera. Koma panopa sakufunika kukwera. Ali kale kuno."

"Ali kuti?"

"Mwawagwira m'manjamo."

Nyani anayang'ana peyala limene linali m'dzanja lake.

"Munthu akabzala mtengo ndi manja ake," anatero Gologolo monong'ona, "akafa amakalowa m'zipatso zake. Osati zonse ayi, amasankha. Musamvere ine, ndine mwana. Ligwedezeni pakhutu mumve nokha."

Nyani anaseka, anayang'ana akazi ake kuti nawonso aseke, kenako anagwedeza peyalalo pakhutu. Khochokhocho. Kuseka kunathera panjira. Anagwedezanso, pang'onopang'ono. Khocho. Ubweya wa pamsana pake unaima.

"Amenewo ndi mano awo," anatero Gologolo. "Akuzizidwa. Mukameza limenelo, azikagogoda m'mimba mwanu mpaka muwatsegulire."

"Ndiye titani, mphwanga?" Tsopano anali mphwake.

"N'zosavuta. Lililonse logogoda mulitsitse pansi, muliike paudzu mwaulemu. Osaponya, angakwiye. Lachete ndi lanu, idyani mwamtendere."

Munthu akanaona ntchito imene inagwiridwa tsiku limenelo! Anyani anathyola, anagwedeza, anamvetsera, anatsika, anakwera, ena mpaka kuwomba m'manja poika peyala pansi. Okhwima onse anaunjikidwa patsinde, osaphwanyika ngakhale limodzi. Eni ntchitowo anadya osakhwima okhaokha, olimba, owawa, a utomoni. Dzuwa litapendeka, mimba zinayamba kuwapota.

Gologolo anayandikira Nyani, amene anali atapinda msana panthambi, n'kutchera khutu.

"Amalume, kodi simunameze limodzi logogoda mosazindikira? Ndikumva ngati munthu akuyenda m'mimbamo ndi ndodo."

Pomwepo mimba ya Nyani inalira guduuu. Gulu lonse linatsika mtengowo ngati matalala, ana akulendewera kumimba za amayi awo, ulendo wa kumatanthwe osacheuka.

Mtengo unali wa Gologolo, mulu wa mapeyala unali wake. Koma atayesa kugubuduza limodzi, linamubwerera n'kumupsinja phazi. Peyala lililonse linali lolemera kuposa iye mwini, ndipo khitchini inali kumtunda. Kuwasiya pamvula, akanaola asanafewe. Anakhala pamuluwo akunyambita phazi, maso ake n'kugwera pakhonde.

Apa ndi pamene ine ndimasiyana naye Gologolo. Za Nguluwe ndi Nyani ndimaseka nawo, mimba zawo zinali zokhuta kale. Koma Zalimba analibe kanthu koti munthu n'kumubera kupatula chisoni chake, ndipo Gologolo anaba chomwecho. Zimandipweteka nthawi iliyonse ndikafika pamenepa.

Gologolo analowa mumtsuko, anadzikwirira m'madeya, anatsokomola, kenako anaimba mluzu uja wa a Thombozi. Panapita kanthawi. Ndiye kunamveka zikhadabo zikukwekwereza pansi, ndipo galu anaima pakhomo la khitchini, nthiti zili poyera.

"Zalimba," anatero mawu a mumtsuko.

"Mbuyanga?"

"Ndine. Ndili muno, kunjako kukundizizira. Pita ukatute mapeyala ali patsindewo, uziwakankhira muno."

Galuyo anaima pomwepo, mphuno ikugwedezeka. Mchira wake unali lende, sunasunthe ngakhale pang'ono. Kenako anatembenuka n'kupita kumtengo. Anatuta limodzilimodzi pakamwa, osaboola khungu ndi dzino, akupumira panjira, mpaka mulu wonse unatha. Atamaliza anagona chopingasa pakhomo la khitchini. Mwana wa nyani wina atabwera kudzasuzumira ngati zinthu zazizira, Zalimba anauwa ndi mawu amene anali atatsala nawo, ndipo kazitapeyo anakauza anzake kuti nkhalamba ija yadzutsanso galu wake.

M'madeya muja mapeyala anayamba kufewa. Gologolo anaboola loyamba ndi mano, ndipo m'kati munali chikasu, mofewa ngati majarini. Anadya mpaka ndevu kunona. Anadya lachiwiri. Njere ankangozikankhira kumapeto kwa mtsuko, makoko n'kugonera.

M'mawa uliwonse galu ankasendeza mutu kukamwa kwa mtsuko.

"Mwadzuka bwanji, mbuyanga?"

"Kho! Kho! Ndadzuka, Zalimba."

"Apsa?"

"Sanapse. Mwina mawa."

Mawa likafika, funso lomwelo, yankho lomwelo. Gologolo ankayankha kukamwa kuli kodzaza, osachita ndi manyazi omwe. Mumtsukomo munali mapeyala oti n'kudyetsa agologolo a phiri lonse, ena mpaka anayamba kuda ndi kupsetsa. Kudula mbali imodzi n'kukankhira panja sikukanamusaukitsa. Koma ankati galu akalawa limodzi adzafuna onse, choncho ankangoti mawa. Gologolo ananenepa mpaka khosi kusowa, Zalimba anaonda mpaka kulephera kuthamangitsa ziwala.

Tsiku lina nkhungu inabwera yoposa masiku onse. Inalowa mpaka m'khitchini, yozizira, yonunkha dothi lofukulidwa kumene. Mbalame sizinalire m'mawa umenewo. Zalimba anadzikoka ndi mimba kuchoka pakhomo, n'kudzagoneka mutu wake pakamwa penipeni pa mtsuko. M'kati munada bii.

"Apsa?"

"Sanapse. Tasuntha mutuwo, Zalimba, ukunditsekera mpweya."

"Sindisuntha, Gologolo."

Gologolo anayesa kukhuthalitsa mawu. "Ukuti ndani? Wayamba chipongwe kwa mbuyako?"

"Maso anga ndi amene anafa, mphuno ikadali moyo," anatero galuyo mofatsa. "Ndinakununkhiza tsiku lija unathamangitsa Nguluwe. Ndipo ngakhale mphuno ikanafa, ndikanadziwabe. Ndakhala ndikukumva ukutafuna. Mbuyanga sanadyepo peyala ine ndisanadye."

"Ndiye... ndiye unkatutiranji?"

"Chifuwacho. Umachitha bwino. Ndikatseka maso zimakhala ngati atuluka m'nyumba, akupita kumtengo. Ndinkati ndikakana ntchito yako, usiya kutsokomola."

Gologolo anafufuza m'madeya mwamsangamsanga n'kukankhira peyala lofewa kumphuno kwa galuyo.

"Achimwene, apsatu! Ndinangolakwitsa kuyang'ana. Idyani ili, idyani onse, ine ndakhuta. Mungondipatsa kampata ndituluke."

"Kukhosi kwatseka, sindingathenso kumeza. Ukanandipatsa dzana." Galuyo anapuma movutikira. "Sindikuluma, usaope. Mano ake ati? Ndikungopempha chimodzi. Tsokomola."

"Kenako mundilola kupita?"

"Tsokomola."

Gologolo anatsokomola. Kho! Kho! Khooo!

"Bwerezanso."

Anabwereza. Akati apume, mawu ofooka aja ankati bwerezanso. Anayesa nzeru zake zonse. Anati kunja kwabwera Fulaye ndi nyama, galu anati bwerezanso. Anati denga likugwa, galu anati bwerezanso. Anatsokomola mpaka fumbi la madeya kumudzaza m'mphuno, mpaka kukhosi kuchita zilonda, mpaka mawu kutheratu. Pomaliza anagwa chagada panjere zija, akungotsegula kukamwa popanda chotuluka. M'khitchini munangoti zii.

Ndiye kunja, kumunsi kumtengo kuja, munthu anatsokomola.

Kho. Kho. Khooo.

Sichinali chifuwa cha mumtsuko. Chinali chonyowa, chochokera pansi pa nthiti zokalamba, ndipo chinathera ndi kakubuula kamene Gologolo anali atakaiwala pokopera. Kenako nsungwi inagogoda pathunthu, go, go, ngati munthu woodira. Masamba anachita phokoso. Panamveka khochokhocho, pafupi ndi khutu la winawake. Gologolo anadzigwira pakamwa ndi manja onse awiri kuti atsimikize kuti si iye.

Mluzu unalira.

Pamenepo Gologolo anamva chinthu chimene sanachimvepo masiku onse a bodza lake. Mchira wa Zalimba unayamba kumenya pansi, phu, phu, phu, mwamphamvu ngati wa kagalu. Unamenya, unamenya, kenako unaleka. Mpweya wofunda umene unkalowa mumtsuko unalekanso. Ndipo anamva bwinobwino mapazi a galu akudzuka, akutuluka pakhomo, akuthamanga kutsetserekera kumtengo mopepuka. Koma mutu uja unali pomwepo pakamwa pa mtsuko, ndipo unkazizira.

Gologolo anakhala m'menemo osaphethira mpaka kunja kutayera pang'ono. Potuluka anadzipanikiza pakati pa khutu la galu ndi mlomo wa mtsuko, ndipo ndi kunenepa kuja anasupuka m'nthiti monse. Sanafune kuyang'ana kumtengo, koma njira inali yomweyo. Patsinde panali peyala lodulidwa pakati, modula mwake mosalala, mwa mpeni. Mbali imodzi inali yonyambitidwa mpaka khoko kuwala. Mbali inayo inali itadyedwa, njere yokha itaikidwa pambali padothi, ngati ikudikira munthu. Nsungwi yothyolera, imene inagwera muudzu kalekale, inali itatsamira pathunthu.

Palibe amene anamuuza chochita. Anakumba ndi zala n'kukwirira njereyo. Anabwerera kukhitchini, anatulutsa njere zonse zimene anaunjika mumtsuko, n'kuzigubuduza imodziimodzi kukazikwirira m'mbali mwa munda. Mapeyala otsala sanawakhudzenso, anaolera momwemo.

Koma Gologolo ndi Gologolo. Patapita masiku, mantha anaphwa, njala inabwerera, ndipo mumtengo munali mutakhwima ena. Anaganiza zokanyengereranso Nyani kuti adzathyole. Anamupeza pathanthwe akuwothera dzuwa, anakonza nkhope, anatsegula kukamwa kuti anene kuti amalume.

Kho! Kho! Khooo!

Chinatuluka chifuwa cha a Thombozi, chathunthu, popanda mtsuko. Nyani anakuwa n'kugwera kuseri kwa thanthwe. Gologolo anathamangira kudambo kuti akafotokozere Nguluwe, ndipo Nguluwe anangomva kho woyamba n'kuboola bango. Gologolo anapita kwa abale ake, nawonso anamwazikana m'mitengo. Mawu ake aja, otsekemera, amene ankagwetsa nawo akuluakulu, anali atapita. Chimene anabwereka chinakana kubwerera kwa mwini wake.

Ngakhale Esinala, amene anatopa kudikira mowa n'kubwera mozemba ndi thumba lake, anangofika patsinde n'kumva agogo ake akutsokomola pamwamba pa mutu wake. Anataya thumba ndi nsapato imodzi. Mowa uja anafulula sabata yomweyo, koma pabwinjapo sipanapondenso munthu.

Choncho mtengo wonse unakhala wa Gologolo yekha, monga ankafunira. Wothyola analibe, wotuta analibe, ndipo m'khitchini muja sakanalowamo ngakhale mutamukoka mchira. Mpaka lero amangoluma mapeyala olimba ali mumtengo, n'kulavula, n'kuyesa lina. Mukapeza peyala lolumidwa mbali imodzi likulendewera, ndi iyeyo. Mukaona timitengo ta mapeyala tamera patchire pamene sipanakhalepo nyumba, ndi iyeyonso, akubwezabe ngongole ya njere.

Yanga yathera pamenepa, koma yake siinathe. Mukadzamuona panthambi m'mawa wa nkhungu, mudzamuyang'anitsitse. Amatsokomola, mchira n'kudumpha, kenako amaima chilili, makutu ali tcheru. Sikuti akumvetsera inu ayi. Akudikira kuti amve ngati wina ayankhe.